Kukula kwa cigar ndi muyeso wa ring gauge

Cigar ndi fodya wosuta wopichiridwa ndi masamba a fodya okhaokha, m'kati ndi kunja komwe, mosiyana ndi ndudu wamba imene imakhala fodya wodulidwadulidwa wokutidwa ndi pepala. Kukula kwa cigar kumatchulidwa ndi manambala awiri. Nambala yoyamba ndi ya kutalika kwake, m'mainchesi kapena m'mamilimita. Yachiwiri ndi ya kunenepa kwake, ndipo muyeso wake umatchedwa ring gauge. Cigar yolembedwa kuti 5 x 50 ndi yotalika mainchesi 5 ndipo ring gauge yake ndi 50. Kutalika, kunenepa ndi kaumbidwe zikaphatikizidwa zimatchedwa vitola, mawu a Chisipanishi omwe amamveka m'mafakitale a ku Cuba, Nicaragua, Honduras ndi Dominican Republic, mayiko amene ma cigar ambiri opichira pamanja amachokera.

Pa manambala awiriwa, ya kunenepa ndiyo imasintha zinthu kwambiri. Imasintha kuchuluka kwa fodya amene ali m'kati, mitundu ya masamba imene wopichira angalowetsemo, kutentha kwa utsi komanso mtengo. Kwa nthawi yaitali m'zaka za m'ma 1900, cigar yozolowereka inali ya ring gauge ya pakati pa 40 ndi 44. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 osuta ambiri, makamaka a ku United States, anasamukira ku ma cigar onenepa a 50 kupita m'mwamba, ndipo lero a 60 amapezeka m'sitolo iliyonse ya ma cigar m'dzikolo.

Kawerengedwe ka ring gauge

Ring gauge ndi muyeso wa m'mimba mwa cigar, ndiye kuti mzere wodutsa pakati kuchokera mbali ina kufika mbali inayo, osati mzere wozungulira. Inchi imodzi imagawidwa m'magawo 64, ndipo gawo lililonse ndi ring imodzi. Choncho cigar ya 32 ndi yonenepa theka la inchi, ya 48 ndi magawo atatu mwa magawo anayi a inchi, ndipo ya 64 ndi inchi yathunthu, yomwe ndi mamilimita 25.4. Ring imodzi ndi pafupifupi mamilimita 0.4. Powerengetsa motere, 38 ndi mamilimita 15.1, 42 ndi mamilimita 16.7, 50 ndi mamilimita 19.8, ndipo 60 ndi mamilimita 23.8.

Muyesowu sunasinthe ngakhale m'mayiko amene amayeza zinthu m'mamita. Ku Cuba ndi ku Ulaya kutalika kumalembedwa m'mamilimita koma kunenepa kumalembedwabe m'magawo a inchi, moti mzere umodzi womwewo umakhala ndi miyeso iwiri yosiyana: mamilimita 124, ring 50. M'Chisipanishi nambalayi imatchedwa cepo, kutengera dzina la kathabwa koboola pakati kamene kamakhala pa tebulo la wopichira. Cigar ikatha kupichiridwa imalowetsedwa pabowolo, ndipo ikakana kulowa kapena ikakhwepa ndiye kuti yaphonya saizi.

Nambala ya pa bokosi siigwirizana ndendende ndi imene munthu angapeze atayeza yekha. Fodya amamwa chinyezi n'kutupa, ndipo akauma amafota. Ma cigar ena amapanikizidwa mpaka kukhala a makona anayi, monga a Padrón 1964 Anniversary Series a ku Nicaragua, ndipo nambala yawo ndi ya mmene analili asanapanikizidwe. Kwa ma cigar osongoka, amayeza pamene pali ponenepa kwambiri.

Kampani ya Habanos S.A., imene inakhazikitsidwa mu 1994 ndipo imagulitsa ma cigar a ku Cuba kunja kwa dzikolo, imagawa masaizi m'magulu atatu: oonda ndi osapitirira 39, apakatikati ndi a 40 mpaka 45, ndipo onenepa ndi a 46 kupita m'mwamba. Magawidwe amenewa akusonyeza mmene zinthu zinalili kale, chifukwa kwa wosuta wa ku America wa lero cigar ya 46 ndi yoonda.

Mayina a masaizi

Pa kaumbidwe, ma cigar ali m'magulu awiri. Owongoka, amene amanenepa mofanana kuyambira kumutu mpaka kophazi, amatchedwa parejo. Ena onse amatchedwa figurado. Mutu ndi mbali yotsekedwa imene imadulidwa n'kuikidwa pakamwa, ndipo phazi ndi mbali yoyatsa.

Ku Cuba saizi iliyonse ili ndi mayina awiri. Dzina la m'fakitale, vitola de galera, limatanthauza muyeso umodzi wokha ndipo silisintha kaya cigar ikupita m'bokosi la mtundu uti. Dzina lolembedwa pa bokosi, vitola de salida, amasankha ndi eni mtunduwo. Saizi imene m'fakitale imatchedwa mareva, ya mamilimita 129 ndi ring 42, imagulitsidwa ndi dzina lakuti Montecristo No. 4, Cohiba Siglo II ndi mayina ena ambiri, ndipo ogula amangoitcha petit corona. Kunja kwa Cuba kulibe lamulo lotere. Kampani ina ingatche Churchill cigar ya 7 x 48, ina ya 7 x 50, ndipo palibe amene angaziletse. N'chifukwa chake manambala ndi odalirika kuposa dzina.

Corona, ya mamilimita 142 ndi ring 42, ndiyo inali poyambira kuyerekezera masaizi ena, ndipo mayina ambiri amasonyeza zimenezi. Petit corona ndi corona yofupika. Corona gorda, kutanthauza corona yonenepa, ndi ya mamilimita 143 ndi ring 46. Double corona, imene m'fakitale imatchedwa prominente, ndi ya mamilimita 194 ndi ring 49. Lonsdale ndi corona yotalikitsidwa kufika mamilimita 165, ndipo dzina lake ndi la Hugh Lowther, Mngelezi wolemera amene anali ndi udindo wa Earl of Lonsdale.

Churchill, ya mamilimita 178 ndi ring 47, m'fakitale imatchedwa julieta No. 2. Inatchuka ndi mtundu wa Romeo y Julieta, umene unaipatsa dzina la Winston Churchill, nduna yaikulu ya dziko la Britain pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Iye anafika ku Cuba koyamba mu 1895 ali msilikali wachinyamata, ndipo anapitanso ku Havana mu 1946.

Robusto ya ku Cuba ndi ya mamilimita 124 ndi ring 50. Toro, imene ndi yofala kwambiri ku America, imakhala ya mainchesi 6 ndi ring 50 mpaka 54. Gordo ndi ya 6 x 60. Kumbali ya ma cigar oonda kuli lancero, ya mamilimita 192 ndi ring 38, imene m'fakitale imatchedwa laguito No. 1, ndiponso panetela, dzina limene limaperekedwa ku masaizi osiyanasiyana oonda. Laguito No. 3, ya mamilimita 115 ndi ring 26, sinenepa kwenikweni kuposa ndudu.

Pa ma figurado, wodziwika kwambiri ndi pirámide, ya mamilimita 156 ndi ring 52, yosongoka kumutu. Montecristo No. 2 ndi ya saizi imeneyi. Belicoso ndi yofanana nayo koma yofupikirapo. Perfecto ndi yosongoka mbali zonse ziwiri ndipo imatupa pakati. Inali yofala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ndi imene imaoneka pakamwa pa anthu achuma m'zithunzi zoseketsa za nthawi imeneyo. Palinso culebra, kutanthauza njoka, yomwe ndi ma panetela atatu olukidwa pamodzi ngati chingwe. Amamasulidwa n'kusutidwa imodziimodzi, ili yokhotakhota choncho.

Zimene kunenepa kumasintha

Cigar yopichira pamanja ili ndi zigawo zitatu. M'kati muli masamba athunthu opindidwa m'litali, otchedwa tripa. Masambawa amamangidwa ndi tsamba lina lotchedwa capote, ndipo mtolowo umaikidwa m'chikombole chathabwa n'kupanikizidwa kuti utenge saizi yake. Pomaliza umakutidwa ndi tsamba lakunja, capa, limene limasankhidwa mosamala kuti likhale losalala, lotamuka ndiponso lopanda mabowo. Tsamba limeneli ndi lokwera mtengo kuposa onse, ndipo kawirikawiri limachokera kutali ndi fakitale: ku Ecuador, ku Cameroon, ku Indonesia, ku San Andrés m'dziko la Mexico kapena ku chigwa cha mtsinje wa Connecticut ku United States. Fodya wa cigar amaumitsidwa ndi mphepo m'zigafa monga mmene amachitira ndi fodya wa bale ku Malawi, kenako amaunjikidwa milumilu kuti avundikire kwa milungu kapena miyezi. Komabe ndi fodya wa mitundu ina, ndipo bale amapita kwambiri ku ndudu wamba.

Masamba a m'kati amasiyana malinga ndi pamene anathyoledwa pa mtengo wa fodya. Apansi, otchedwa volado, ndi opepuka ndipo amayaka bwino. Apakati, seco, ndiwo amapereka fungo. Apamwamba, ligero, amene awombedwa kwambiri ndi dzuwa, ndi okhuthala, aukali ndipo amayaka mochedwa, choncho wopichira amawaika pakati penipeni pa mtolo.

Apa ndi pamene masamu amalowerera. Cigar ikanenepa, tsamba lakunja limawonjezeka molingana ndi kunenepako, koma malo a m'kati amawonjezeka mofulumira kwambiri, chifukwa amawerengedwa pochulukitsa nambalayo ndi iyo yomwe. Kuchoka pa ring 38 kufika pa 60, mzere wozungulira umakula kupitirira pang'ono kamodzi ndi theka, pamene malo a m'kati amakula pafupifupi kawiri ndi theka. Ngakhale kusiyana kwa 42 ndi 50, kumene ndi mamilimita atatu okha, kumawonjezera malo a m'kati ndi 40 peresenti ndi kupitirirapo. Zotsatira zake zimadabwitsa munthu woweruza ndi maso. Lancero ndi yotalika kuposa robusto ndi mamilimita 68, koma imalemera pafupifupi magalamu 10 pamene robusto imayandikira magalamu 12. Gordo ya 6 x 60 ili ndi fodya woposa wa ma corona awiri.

Choncho mu cigar yoonda, gawo lalikulu la zimene zikupsa ndi tsamba lakunja ndi lomangira, ndipo kakomedwe ka tsamba lakunja kamamveka kwambiri. Mu cigar yonenepa masamba a m'kati ndiwo amalamulira, ndipo wosakaniza fodya amakhala ndi malo oikamo mitundu inayi kapena isanu ya masamba. Kampani ikatulutsa mtundu umodzi m'masaizi asanu siingangochulukitsa masamba mofanana: saizi iliyonse imafuna kasakanizidwe kake, ndipo osuta ozolowera amanena kuti masaiziwo sakoma mofanana ngakhale ali ndi dzina limodzi.

Kayakidwe nakonso kamasiyana. Cigar yoonda imatentha msanga ngati munthu akukoka pafupipafupi, ndipo utsi ukatentha umawawa. Ikasiyidwa imazimanso msanga. Yonenepa imatulutsa utsi wambiri wozizirirapo ndipo imapirira kakokedwe kosasamala, koma imavuta kuyatsa mofanana ndipo nthawi zina imapsa mbali imodzi, kapena pakati pokha n'kusiya m'mbali.

Anthu ambiri amaganiza kuti cigar yonenepa ndiyo yaukali. Ukali umachokera ku kuchuluka kwa ligero poyerekeza ndi masamba ena. Kuti cigar ya 60 iyake bwino, wopichira amafunika kuikamo masamba ambiri oyaka mosavuta, ndipo ambiri mwa masamba otere ndi opepuka. Petit corona yodzaza ndi ligero ikhoza kuchititsa chizungulire munthu amene wasuta gordo osamva kanthu m'mutu. Izi sizikutanthauza kuti gordo ili ndi chikonga chochepa, popeza fodya yense amene wapsa ndi wochuluka.

Kwa wopichira, yoonda ndiyo yovuta. Mu lancero tsamba limodzi likapotoka kapena likapanikizika limatseka njira ya utsi, ndipo cigar yotero siikokeka. Mu cigar yonenepa utsi umapeza podutsa pena. Vuto la ma cigar otseka linakula ku Cuba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pamene mafakitale ankathamangira kupanga ambiri, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anayamba kugwiritsa ntchito makina oyeza mmene mpweya ukudutsira mu mtolo asanaukute ndi tsamba lakunja. M'mafakitale ambiri masaizi oonda ataliatali ndi ma figurado amapatsidwa kwa opichira odziwa kwambiri ntchito.

Kutalika

Kutalika kumakhudza kwambiri nthawi. Petit corona imatha pafupifupi theka la ola, robusto imayandikira mphindi 45, Churchill imatenga ola kapena kupitirira, ndipo double corona ikhoza kufika ola ndi theka. Izi zimadalira kakokedwe ka munthu. Mu cigar yaitali utsi umayenda mtunda wautali usanafike pakamwa, choncho poyamba umakhala wozizira, koma phula ndi chinyezi zimaunjikana chakumutu ndipo gawo lomaliza limakhala laukali kuposa loyamba. Montecristo A, ya mamilimita 235 ndi ring 47, ndi imodzi mwa ma cigar aatali kwambiri amene Cuba wakhala akugulitsa m'mabokosi. Ya mamita 81.8 imene José Castelar anapichira ku Havana mu 2011 inali yongofuna mbiri m'buku la Guinness.

Kusintha kwa zokonda za osuta

Mtundu wa Montecristo utayamba mu 1935, unali ndi masaizi asanu a manambala. Anayi mwa iwo ndi a ring 40 kapena 42, ndipo No. 2 yokha ndiyo yonenepa. No. 4 inakhala kwa zaka zambiri cigar ya ku Cuba yogulidwa kwambiri padziko lonse. Cohiba, imene inayamba mu 1966 ngati fodya wa Fidel Castro ndi wopatsa alendo a boma, inali poyamba ya masaizi oonda okhaokha, a 38 ndi 26. Cigar yaitali yoonda ndiyo inkaoneka yaulemu pa nthawiyo.

Ma cigar aafupi onenepa analipo kale. Ku America ankatchedwa Rothschild, dzina la banja lotchuka la mabanki ku Ulaya. Koma dzina lakuti robusto linafala pambuyo pa 1989, chaka chimene Cohiba inatulutsa Robustos ya 124 x 50. Mu 1992 Marvin Shanken anayambitsa magazini ya Cigar Aficionado ku New York, ndipo zaka zotsatira kusuta cigar kunasanduka fasho ku United States. Ma cigar opichira pamanja olowa m'dzikolo anachoka pa pafupifupi 100 miliyoni pachaka kufika pa oposa 400 miliyoni mu 1997. Ambiri mwa ogula anali atsopano, ndipo robusto inawayenerera: siitenga nthawi yaitali, siivuta kukoka, ndipo siitentha msanga m'manja mwa wophunzira.

Popeza dziko la United States linaletsa katundu wa ku Cuba kuyambira mu 1962, msika waukulu chonchi unali m'manja mwa mafakitale a ku Santiago ku Dominican Republic, Danlí ku Honduras ndi Estelí ku Nicaragua, ambiri mwa iwo oyambitsidwa ndi mabanja amene anachoka ku Cuba. Mafakitale amenewa sanali omangika ndi mndandanda wa masaizi a ku Havana, ndipo ndiwo anapitiriza kunenepetsa cigar. Ernesto Perez-Carrillo anatulutsa La Gloria Cubana Serie R mu 1999, ya ring 52 ndi 54, imene panthawiyo inkaoneka yonenepa modabwitsa. Mu 2008 kampani ya Oliva inatulutsa Nub, yotalika pafupifupi mainchesi 4 okha koma ya ring yofika 60 ngakhale kupitirira. Mu 2012 Perez-Carrillo yemweyo anatulutsa mtundu wotchedwa Inch, dzina lochokera ku saizi yake ya 64. Mtundu wa Asylum unafalitsa 7 x 70, ndipo alipo ena a 80, amene ndi mamilimita pafupifupi 32.

Cuba inatsatira pang'onopang'ono. Cohiba Siglo VI, ya 150 x 52, inatuluka mu 2002. Montecristo Edmundo, ya 135 x 52, inatuluka mu 2004. Mu 2010 kunabwera Cohiba Behike, ya masaizi atatu otchedwa ndi manambala a kunenepa kwawo, 52, 54 ndi 56, komanso Romeo y Julieta Wide Churchills ya 130 x 55, imene ngakhale ili ndi dzina la Churchill siifanana konse ndi saizi yakale ija. M'zaka zomwezo Habanos inasiya kupanga masaizi ambiri oonda ndi apakatikati amene sankayenda malonda. Partagás Serie D No. 4, yomwe ndi robusto, tsopano ili m'gulu la ma cigar a ku Cuba ogulidwa kwambiri.

Zifukwa za kusinthaku ndi zingapo. Choyamba ndi mtengo. Gawo lalikulu la ndalama zopangira cigar limapita ku tsamba lakunja, ntchito ya manja, bokosi ndi mayendedwe, ndipo zimenezi sizikwera kwambiri cigar ikanenepa. Gordo ingakhale ndi fodya wowirikiza kawiri wa corona koma mtengo wake n'kungokwera pang'ono, ndipo wogula amaona kuti wapindula. Chachiwiri ndi nthawi ndi malo. Mzinda wa New York unaletsa kusuta m'mabala ndi m'malesitilanti mu 2003, dziko la Ireland mu 2004, ndipo England mu 2007. Munthu amene akusutira panja m'nyengo yozizira safuna cigar ya ola ndi theka, choncho masaizi aafupi anachuluka: Montecristo Petit Edmundo ya 110 x 52 mu 2006, ndi H. Upmann Half Corona ya 90 x 44 mu 2011. Cigar inanenepa ndi kufupika nthawi imodzi, ndipo amene anatsalira ndi Lonsdale, Churchill ndi double corona. Chachitatu, chimene sichingayezedwe ndi manambala, ndi maonekedwe: cigar yonenepa yokhala ndi chizindikiro chachikulu cha pepala imaoneka bwino pa shelefu ndi pa chithunzi.

Kunenepaku kunasinthanso zipangizo. Kampeni kodulira mutu ka masiku akale sikalowa cigar ya 60, ndipo zikwama zonyamulira zinayenera kukulitsidwa. Ena amadandaula kuti cigar yotero imatopetsa nsagwada, ndipo n'chifukwa china chimene ma figurado ali ndi owakonda: phazi ndi lonenepa koma mutu ndi wosongoka, ndipo wosuta amasankha kukula kwa bowo malinga ndi pamene wadula.

Okonda ma cigar oonda sanathe. Ambiri mwa iwo ndi osuta akale, eni masitolo ndi osakaniza fodya m'mafakitale, amene amakonda kulawira kasakanizidwe katsopano pa corona kapena corona gorda chifukwa pa saizi imeneyi tsamba lakunja ndi a m'kati amamveka onse. Makampani ang'onoang'ono amatulutsa lancero mwa apo ndi apo, ndipo imatamandidwa kwambiri m'magazini, koma m'sitolo imakhalitsa pa shelefu. Imadula kupanga, imaoneka yaing'ono poyerekeza ndi mtengo wake, ndipo imafuna kukoka modekha.

Zonsezi zikukhudza ma cigar opichira pamanja, omwe ndi gawo laling'ono la msika. Ma cigar ambiri amene amasutidwa padziko lonse ndi aang'ono opangidwa ndi makina, monga Swisher Sweets ndi Black & Mild ku United States, ndipo ogula ake satchula ring gauge.

Kukula ndi msonkho

Boma siliyeza ring gauge koma kulemera, ndipo malamulo a msonkho amakhudza masaizi amene amapezeka pa msika. Ku United States cigar imatchedwa yaing'ono ngati ma cigar 1,000 sakupitirira mapaundi atatu, ndiye kuti pafupifupi magalamu 1.36 iliyonse. Mu April 2009 msonkho wa ma cigar aang'ono unakwezedwa kuti ufanane ndi wa ndudu, madola 50.33 pa 1,000 alionse, pamene wa aakulu unaikidwa pa 52.75 peresenti ya mtengo wa wopanga, koma osapitirira masenti 40.26 pa cigar imodzi. Makampani ena opanga ndi makina anangowonjezera kulemera pang'ono kuti katundu wawo alowe m'gulu la aakulu, kumene msonkho wa cigar yotchipa unali wochepa. Kwa ma cigar odula, malire a masenti 40.26 amachititsa kuti gordo ndi corona zilipire boma lalikulu msonkho wofanana.

Ku Britain msonkho wa cigar umawerengedwa pa kilogalamu, choncho galamu iliyonse yowonjezera imakweza mtengo, ndipo cigar yonenepa imadula moonekeratu. M'malamulo a European Union, cigarillo ndi cigar yosapitirira magalamu atatu.

Kukula ndi thanzi

Palibe saizi ya cigar imene ili yosavulaza. Ndudu imodzi imakhala ndi fodya wosakwana galamu imodzi, pamene cigar yaikulu imakhala ndi magalamu 5 mpaka 20, ndipo imodzi yokha ikhoza kukhala ndi fodya wofanana ndi wa paketi yonse ya ndudu 20. Kuvundikira kwa fodya wa cigar kumachulukitsa mankhwala oyambitsa khansa otchedwa nitrosamine, ndipo popeza tsamba lakunja silidutsa mpweya ngati pepala, fodyayo sapsa mokwanira ndipo utsi wake umakhala ndi mpweya woipa wa carbon monoxide wochuluka.

Osuta cigar ambiri sakokera utsi m'mapapo. Koma chikonga cha mu utsi wa cigar chimalowa m'magazi kudzera m'kamwa, choncho munthu akhoza kukhala kapolo wa fodya ngakhale osameza utsi. Bungwe la National Cancer Institute la ku United States linatulutsa lipoti lalikulu lonena za ma cigar mu 1998, limene linasonyeza kuti kusuta cigar kumayambitsa khansa ya m'kamwa, ya kholingo, ya kummero ndi ya m'mapapo, ndipo kwa osuta kwambiri kapena okokera utsi m'kati kumawonjezera matenda a mtima ndi a m'mapapo. Ngoziyi imakula malinga ndi kuchuluka kwa ma cigar amene munthu amasuta ndi mmene amakokera utsi. Anthu amene anazolowera ndudu asanayambe cigar amakonda kupitiriza kukokera utsi m'mapapo. Utsi wozizira wa cigar yonenepa supsereza lilime, koma uli ndi mankhwala omwewo, ndipo cigar ya ola limodzi imadzaza chipinda ndi utsi umene anthu ena osasuta amapumanso.